Nyumba ndi munda ku Mchinji, kalata ya amfumu yokha ndi yokwanira?

Funso lachokera kwa bambo wina amene akugwira ntchito ku Lilongwe ndipo apuma chaka chamawa. Kwawo ndi ku Thyolo koma akuti kumeneko olo pomanga khitchini palibe, nde ejenti wina wawaonetsa nyumba ya malata ya zipinda zitatu ndi munda wa maekala 4 chakufupi ndi pa Kamwendo ku Mchinji. Wogulitsayo akuti mapepala ena alibe koma kalata ya amfumu ituluka tsiku lomwelo ndalama ikangoperekedwa, ndipo akuwafulumizitsa ati pali wina akufunanso malo omwewo. Akufunsa ngati kalatayo ndi yokwanira, komanso ngati munthu amene wakhala mtauni zaka zambiri angazolowere moyo wa kumeneko.

Bambo, ndalamazo zisiyeni kaye ku banki komweko. Kalata ya amfumu ndi yofunika ndithu ndipo popanda iyo musayerekeze nkomwe, koma payokha siikwanira. Ndipo ine chandidetsa nkhawa pa nkhani yanuyi si kusowa kwa mapepala ayi, kumudzi malo ambiri alibe pepala lililonse ndipo anthu akhalapo mibadwomibadwo osasokonezedwa, chandidetsa nkhawa ndi changucho. Zoti pali wina akufunanso amanena ejenti aliyense kuyambira ku Area 49 mpaka kwa Mkanda, pena zimakhala zoona pena ayi, koma olo zitakhala zoona musiyeni winayo agule. Ku Mchinji malo akuchepa ndithu koma sanafike pa kwanu ku Thyolo, mupeza ena.

Choyamba chimene mukuyenera kudziwa ndi chakuti akugulitsayo ndi ndani pa malopo. Inu a ku Thyolo chikamwini mukuchidziwa kale sindingakuphunzitseni, nde ingokumbukirani kuti kwa Achewa ambiri a m'boma limenelo nakonso munda umayenda kuchikazi. Mkamwini atha kulima munda zaka 20, kumanga nyumba ya malata ndi ndalama zake za fodya, kudzala mabulugamu ndi mango, mudzi wonse nkumati paja pa abambo a uje, koma nthakayo si yake, ndi ya mbumba ya akazi ake, ndipo mawu omaliza ali ndi atsibweni a anawo amene mwina akukhala ku Chipata kapena ali ku Joni osadziwa nkomwe kuti malo a makolo awo ali pa msika. Inu mulipira, mukonza nyumba, muika sola, chaka chachiwiri mwini mbumba atulukira ndi alongo ake nkunena kuti munagula kwa munthu wobwera. Ndipo pabwalo awina ndi iwowo chifukwa akunena zoona, amfumu omwe anakudindirani kalata aja adzangoti ife tinkayesa anagwirizana kubanja. Kwa Angoni a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni mabanja ambiri amatsata kuchimuna, komanso alipo a chitengwa oti mkazi ndiye anapita kwa mwamuna, nde musangoganiza nokha, funsani kuti mundawu unachokera kwa yani, anayamba kuulima ndi ndani, agogo a mbali iti.

Funso limeneli mulifunse kwa anthu osiyanasiyana, aliyense payekha, tsiku loti ejenti palibe. Mayi wogulitsa tomato pa msika, mnyamata wa kabaza amene wakunyamulani, mkulu wa mpingo, aphunzitsi a pa pulayimale yapafupi, makamaka anthu olima moyandikana ndi mundawo. Ngati pali mkangano mudzi wonse ukuudziwa kupatula inu. Ndipo tcherani khutu pa mayankho ozemba, munthu akati aaa zimenezo akudziwa ndi eni ake, kapena kungoseka nkuyang'ana kumbali, dziwani kuti pali nkhani.

Ngati mwini wake weniweni anamwalira nde samalani kwambiri. Mwana mmodzi olo akhale woyamba kubadwa alibe mphamvu yogulitsa chuma cha masiye payekha, lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsalayo ndi ana onse, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Zimachitika kwambiri kuti mnyamata akufuna ya pasipoti ndi thiransipoti ya ku Joni nkugulitsa munda mayi ake ali kuchipatala akudwazika matenda. Muwauze akuonetseni kalata ya khoti yowapatsa mphamvu yoyendetsa chumacho, apo ayi mupite nawo ku ofesi ya a DC pa boma kumene nkhani za masiye zimathandizidwa, ana onse akhalepo.

Tsopano za malamulo, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri sakonda kumva. Pa chikhalidwe malo a makolo sagulitsidwa, amagawidwa ndi mfumu kapena kusiyirana kubanja. Malamulo atsopano a za malo anabwera mu 2016 ndipo anawakonzanso mu 2022, ndipo akuluakulu a unduna wa za malo akhala akubwereza kuti kugulitsa malo a makolo nkosaloledwa, ngakhale tonse tikudziwa kuti zikuchitika tsiku ndi tsiku mafumu akudinda. Ndekuti mukadzapita ku khoti ndi kapepala koti ndinagula, mwaima pofooka kuposa mmene mukuganizira. Chimene chimagulidwa mosakayikitsa ndi chitukuko chili pamalopo, nyumbayo, mitengo, chitsime, pamene nthakayo mukuyenera kupatsidwa kudzera mnjira yake. Lamulo la 2016 linakhazikitsa komiti ya za malo pansi pa gulupu aliyense, wapampando ndi agulupuwo, mamembala ena 6 osankhidwa ndi anthu ndipo osachepera 3 akhale amayi, komitiyo ndiye imaona zogawa ndi kulembetsa malo kuti munthu adzalandire satifiketi ya umwini, customary estate imene mumaimva pa wailesi ija. Kalembera ameneyu sanafike paliponse nthawi imodzi, anayambira m'madera ochepa ngati ku Phalombe, Kasungu ndi Rumphi nkumafalikira pang'onopang'ono, nde musanachite chilichonse pitani ku khonsolo pa Mchinji boma mukakumane ndi a za malo, muwauze dzina la mudzi ndi la agulupu, akuuzani ngati komiti iliko, ngati dera limenelo linayezedwa kale komanso njira imene munthu wochokera boma lina amatsata kuti alembetse. Kufunsa ku ofesi imeneyo si kunyoza amfumu, olo ejenti akuuzeni choncho.

Pali chinanso cha ku Mchinji ndi ku Kasungu chimene anthu a kummwera sachiganizira, maesiteti. Nthawi ya Kamuzu mlimi wamba sankaloledwa kulima fodya wa bale, ankaloledwa ndi a esiteti okha mpaka cha m'ma 1990 pamene anatsegulira alimi ang'onoang'ono. Nde m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 mabanja ambiri ankaphatikiza minda yawo kuti ikwane kulembetsa esiteti m'dzina la munthu mmodzi, kaya malume kaya mwana wophunzirako, nkutenga lease (pangano lobwereka malo ku boma) yomwe nthawi zambiri inali ya zaka 21, cholinga apeze chilolezo cha fodya basi. Lero mwini dzina uja anamwalira kalekale, lease inatha osaikonzanso, lendi ya boma sinalipidwe zaka zambirimbiri, zidzukulu zinagawana nkumagulitsa zidutswa ngati malo a makolo pamene m'kaundula wa boma malowo akadali esiteti ya munthu wina, penanso inakhalapo chikole cha ngongole ku banki. Kalata ya amfumu pa malo otere ilibe ntchito chifukwa malowo anachoka kale m'manja mwa amfumu. Mukaona mabwinja a zigafa zazitalizitali, mizere ya mabulugamu yowongoka kapena kachipilala ka simenti pakona pa munda, funsani kuti kodi pano sipanali pa esiteti, ndipo ngati panali mukafufuze ku ofesi ya za malo ku Lilongwe, mwayi wake mukukhala konko. Ikapezeka kuti lease ili moyo ndipo wogulitsayo ndi mwini wake weniweni, amenewo nde malo abwino kugula, koma njira yake ndi ina, pamafunika chilolezo cha unduna chosinthira umwini, kalata ya MRA yoti msonkho uli bwino, msonkho wa pa mapepala osinthira umwini wotchedwa stamp duty, ndipo apa loya musamuthawe olo ndalama yake iwawe.

Malire muwayende ndi mapazi anu, osati kuloza ndi chala muli pa khonde. Tsiku limenelo pakhale wogulitsa, akazi ake, mwini mbumba, anyakwawa kapena nduna yawo, ndi onse olima moyandikana nanu mbali zonse. Muyambire pakona imodzi kutsata mzere wa khonje kaya nkhadze kaya chitsa cha mtengo chimene akuti ndiye malire, ndipo pakona iliyonse muimirire mufunse woyandikana nayeyo kuti eti amayi malire ndi pano, ayankhe yekha ndi pakamwa pake anthu akumva. Muona pena pake ulendo uima, mayi wina aloza chulu chili masitepe khumi mkati mwa munda nkunena kuti agogo ankalekezera apo, wogulitsa ayamba kukweza mawu, nduna ya amfumu iyang'ana pansi. Bola zimenezo zituluke tsiku limenelo ndalama zili mthumba mwanu. Mukagwirizana khomani zikhomo pompo ndipo mujambule pa foni anthu ataima pa zikhomozo.

Za maekala 4 zo musazikhulupirire musanayeze. Kumudzi ekala amayeza ndi masitepe 70 mulitali 70 mulifupi, zomwe zili pafupi ndithu ndi ekala yeniyeni ngati woyezayo akuponda bwino, koma wogulitsa masitepe ake amafupika, ndipo minda yambiri si ya makona anayi. Foni yanu ili ndi GPS, pali ma app oyezera munda ongoyenda nayo mmalire, akupatsani chithunzithunzi, hekitala imodzi ndi pafupifupi maekala 2.5 ngati ikuwerenga mmahekitala. Koma polembetsa pafunika saveya wovomerezeka. Mufunsenso ngati chigawo china cha mundawo sichili pa lendi kapena pa pinyolo, chifukwa anthu ambiri amabwereketsa munda nyengo ziwiri zitatu ndalama nkudyeratu, inu mubwera ndi makasu mwezi wa October nkupeza wina wagalauza kale mizere ndipo naye ali ndi mboni zake. Dimba la kudambo lili momwemo kapena ayi? Mitengo ya mango ndi mabulugamu? Musadabwe kuti mwagula munda koma mitengo akuti ndi ya achimwene awo ndipo abwera ndi macheka sabata yamawa. Kanjira kodutsa pakati pa munda kopita ku mjigo kapena ku chigayo simudzakatseka olo mutalipira zingati. Ndipo ngati malowo achita malire ndi nkhalango ya kumanda dziwani kuti kumeneko kuli eni ake, ku Mchinji gule wamkulu ndi wamphamvu, mtengo wa kumanda sudulidwa ndipo kudambwe sikulowedwa chisawawa, zidzukulu zanu za mtauni zikabwera pa holide muzidzazilangiza zisanakupalamulireni mlandu wa mbuzi.

Kalipiridwe kake. Ejenti musamupatse ndalama ya malo, iye yake ndi komishoni basi ndipo mugwirizane kale kuti akumulipira ndani. Ndalama idutse ku banki kupita ku akaunti ya dzina la mwini wake kuti pakhale umboni, zonyamula mamiliyoni mchikwama pa minibasi ya ku Mchinji zisiyeni. Mulipire mzigawo, gawo lomaliza lidzatuluke iwo atasamuka ndipo zolembetsa zitayamba. Pangano mulilembe mChichewa choti aliyense amve, liwerengedwe mokweza, mulembe chilichonse chimene chikupita kwa inu mpaka chitsime ndi khola, tsiku lotuluka mnyumba, ndi amene akolole mbewu zili mmundamo. Asayine kapena kudinda chala wogulitsa, akazi ake, mwini mbumba, ana akuluakulu, oyandikana nawo, aliyense ndi nambala ya chiphaso cha unzika, kenako chidindo cha anyakwawa, cha agulupu mpaka kwa a T/A. Mtengo ulembedwe kuti ndi womaliza, mukukumbuka kwacha inagwa ndi 25% mu May 2022 kenako 44% mu November 2023, anthu amene ankalipira pang'onopang'ono nthawi imeneyo ambiri anauzidwa kuti ndalama yatha mphamvu onjezerani. Ya amfumu yothokoza imakhalapo, funsani poyera kuti mwambo wa kuno ndi wotani ndipo ikhale yapadera osasakaniza ndi mtengo wa malo. Komanso fufuzani kuti amfumuwo ndi ovomerezeka, midzi ina ufumu akulimbirana anthu awiri aliyense ndi chidindo chake, funsani kwa a T/A kuti amene akumudziwa iwo ndi uti, amene amalandira mswahala ndi uti.

Nyumbayo mwaiona nthawi ya dzuwa, sichoncho? Nyumba iliyonse imaoneka bwino mu August. Ipiteninso mu February mvula itakhazikika, muone ngati galimoto ikufika pakhomo kapena muzidzaisiya pa tara nkuyenda wapansi nsapato zili mmanja, muone pamene madzi akudutsa, muone mzere wa chinyezi mmunsi mwa khoma. Tengani msomali mukande pakati pa njerwa pamalo pamene pulasitala wagwa, nyumba zambiri za kumudzi ndi za njerwa zootcha ndithu koma zomangira dothi, simenti ili pamwamba pokha, sikuti ndi zoipa ayi zimakhala zaka zambiri denga likakhala labwino, koma mtengo wake usakhale wa nyumba ya simenti. Gogodani mitengo ya kudenga, ikamalira ngati mulibe kanthu mkati ndekuti chiswe chinamaliza kale ntchito. Malata funsani geji yake, nambala ikakula lata limapyapyala, 32 ndi yopyapyala kuposa 28. Ming'alu yoyenda mopingasa kuchokera pakona ya windo nthawi zambiri ndi ya fandeshoni, makamaka ngati dothi ndi la makande lotupa nthawi ya mvula nkung'ambika nthawi ya dzuwa, imeneyo simaiphimba ndi penti.

Madzi nde muwaone mu October kapena kumayambiriro kwa November pamene zitsime zosaya zimaphwa. Mjigo uli patali bwanji, ukaonongeka amakonza msanga kapena umakhala miyezi, komiti yake imatolera zingati pa mwezi. Ngati pali chitsime pakhomo chitalikirane ndi chimbudzi mamita osachepera 30 ndipo chimbudzicho chikhale kumunsi. Magetsi musanyengeke ndi mawaya odutsa pamwamba pa mudzi, ambiri ndi a mphamvu yaikulu oti simungalumikize nyumba popanda thiransifoma, nde funsani kuti thiransifoma yapafupi ili pati ndipo nyumba yomaliza kulumikizidwa ndi iti, kenako mukafunse ku ESCOM kuti mapolo ofika kwanu angakudyereni zingati. Apo ayi werengerani sola kuyambira pachiyambi, ya magetsi, TV ndi kutchaja foni siivuta, firiji ndiye imakweza mtengo. Netiweki yesani muli mkati mwa nyumba, Airtel ndi TNM yomwe, chifukwa penshoni yanu ndi ndalama zochokera kwa ana zizidzadutsa pa foni. Ngati nyumbayo ili mbali mwa msewu waukulu wa Lilongwe kupita ku Mchinji yezani kuchokera pakati pa msewu, mamita 30 mbali iliyonse ndi a msewu, chilichonse chili mmenemo tsiku lina chidzalembedwa X wofiira ndipo chipepeso musachiyembekezere.

Tsopano funso lanu lachiwiri, ngati mungazolowere. Mbali ya malo munasankha bwino, Kamwendo ili pa mphambano, tara wopita ku Lilongwe mbali iyi, wina wodzera kwa Kapiri ndi Santhe kukafika ku Kasungu, boma ili pafupi, ndipo kuchokera pa Mchinji boma kufika Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 110 nde mutha kupita mmawa nkubwerako madzulo. Chipata ili kutsidya kwa malire a Mwami. Zakudya ndi zotchipa, nthaka yambiri ndi yabwino, mvula nthawi zambiri imagwa bwino kuposa kuchigwa cha Shire. Koma pa msinkhu wopuma pa ntchito chimene ndimauza aliyense kuti ayeze ndi mtunda wa kuchipatala usiku wa mvula, osati masana. Zipatala zilipo, Kochilira, za mishoni ngati Ludzi, Guilleme ndi Kapiri, chachikulu pa boma, St Gabriel's ku Namitete panjira yopita ku Lilongwe, koma ngati inu kapena amayi muli ndi BP kapena shuga mudziwiretu kumene muzikatenga mankhwala mwezi ndi mwezi ndi amene adzakunyamuleni 2 koloko usiku, nambala ya munthu wa galimoto ikhale pa khoma.

Za ulimi ndikuuzeni mosabisa, maekala 4 akudyetsani koma salowa mmalo mwa salale. Ndalama ya kumunda imabwera kamodzi pa chaka pamene yotuluka imatuluka mwezi uliwonse kuyambira kusosa mpaka kukolola, ndipo inu simugwira khasu tsiku lonse ngati anzanu obadwira komweko nde chilichonse ndi ganyu, kulima mizere ganyu, kupalira ganyu, kubandira ganyu, ngolo yotutira yolipira. Chimanga pa ekala werengerani thumba limodzi la NPK ndi limodzi la urea, maekala onse 4 mukadzala chimanga ndi matumba 8, onani mtengo wa fetereza lero muwerenge nokha. Nchifukwa chake anthu a kumeneko amagawa, chimanga chakudya mbali ina, soya ndi mtedza mbali ina, Mchinji ndi kwawo kwa mtedza. Vuto lili pogulitsa. Mavenda amafika ndi masikelo awo mwezi wa April ndi May anthu ali ndi ngongole pakhosi, boma limalengeza mitengo yoyambira chaka chilichonse koma pa sikelo ya venda nkhani imakhala ina, nde mwayi wanu inu a penshoni ndi woti simukakamizika kugulitsa pompopompo, mutha kusunga mpaka mitengo ikwere, bola muumitse bwino mtedza usachite chuku ndipo chimanga muchiteteze kwa nankafumbwe, matumba osalowa mpweya a PICS aja amathandiza. Fodya chaka choyamba musamuyandikire, amafuna chilolezo, chigafa, antchito odziwa ndi mtima wopirira za ku okushoni. Ndipo mukapita mu February muja muyang'ane mmunda mwenimwenimo, mukaona timaluwa tofiira ta kaufiti mmizere ya chimanga chachikasu chofupika ndekuti nthaka inatopa, mudzafunika manyowa ndi kasinthasintha wa mbewu zaka zingapo isanabwerere, alangizi a zaulimi a dera limenelo akuuzani zoona zake za mundawo kuposa wogulitsa.

Chovuta kwambiri kwa anthu ochokera mtauni si madzi kapena magetsi, ndi kukhala ndi anthu. Ku Lilongwe mutha kukhala zaka 10 osadziwa dzina la neba, kumudzi zimenezo kulibe. Maliro akachitika simupita kumunda olo fetereza akudikira, mumapita kusiwa, mumasonkha ufa kaya nkhuni kaya ndalama, amayi amakathandiza kuphika, ndipo amene sapezeka pa maliro a anzake tsiku lake likafika adzukulu amachita ulesi kukumba ndipo pamakhala mlandu wolipira kaye. Ntchito za chitukuko, kuumba njerwa za sukulu, kulambula msewu, mupite kapena mutumize munthu. Mudzatchedwa obwera kwa nthawi yaitali ndipo akangomva kalankhulidwe adzadziwa kuti ndinu a kummwera, zimenezo si chidani, koma pa mlandu wa malire obwera amayamba ali mmbuyo, nchifukwa chake ndalimbikira za mboni zija. Mbava ziliko, chimanga chachiwisi, mbuzi, nkhuku, panelo ya sola, koma mpanda wautali wa mabotolo pamwamba mwezi woyamba umangouza anthu kuti mukuwaona ngati akuba, pamene neba amene mumamwa naye thobwa ndi amene adzakuwa usiku akamva khola likutsegulidwa.

Konzekeraninso zopemphedwa. Mudzi wonse udzadziwa kuti mumalandira penshoni, January ndi February njala ikafika pakhomo panu padzakhala anthu mmawa uliwonse, wina ganyu, wina ngongole ya chigayo, wina mwana wadwala. Simungathandize onse ndipo mukakana onse simukhalitsa, nde mugwirizane ndi amayi kuyambira pachiyambi kuti kwathu kuno timapereka ganyu, ngongole ya ndalama ayi kupatula matenda ndi maliro, ndipo mukanena choncho musasinthe chifukwa mukapatsa mmodzi mawa onse amva.

Ndatchula amayi kangapo dala, chifukwa mfunso mwanu simunanene maganizo awo. Inu muzikakhala pa Kamwendo kucheza ndi anzanu atsopano pa bawo, iwo ndi amene asiye mpingo wawo, banki mkhonde yawo, anzawo a zaka zambiri, mpopi wa mnyumba, nkuyamba za mjigo ndi nkhuni. Apite akaone okha, agoneko. Ndipo pa mapepala onse palembedwe maina awiri, lanu ndi lawo, mulembenso wilu, chifukwa malo ogula kudera la eni mwamuna akangomwalira ndi pamene achibale a wogulitsa uja amakumbukira kuti paja malowa anali a agogo, mayi wamasiye wochokera ku Thyolo amene dzina lake silili pa pepala lililonse amavutika kwambiri.

Ndikanakhala ine, poti kupuma ndi chaka chamawa, ndikanachita lendi kanyumba pa Kamwendo kapena pa boma nyengo imodzi ya mvula, nkubwereka ekala imodzi kapena ziwiri ndilime soya ndione mmene zikuyendera, lendi ya kumeneko ndi yochepa poyerekeza ndi ya ku Lilongwe. Mukakhala pakati pa anthu miyezi ingapo malo ogulitsa mumawamva kutchalitchi ndi pa chigayo popanda ejenti, mtengo wake umakhala wa anthu a komweko osati wa abwana a ku Lilongwe, ndipo mumakhala mukudziwa kale banja liti lili ndi mikangano. Ngati mtima wanu wakakamira pa nyumba yomweyi, muimbireni ejentiyo mumuuze kuti mubwera ndi amayi Loweruka lina, mukufuna kukumana ndi mwini mbumba, akazi a wogulitsa ndi oyandikana nawo onse kuti muyende malire, ndipo Lolemba lake mukadutsa ku khonsolo musanalipire olo 1 tambala. Akavomera pitirizani nazo. Akayamba zoti atsibweni ali kutali safunika kuwavutitsa, kapena zoti ku khonsolo kuchedwetsa zinthu, musapitenso.